Khutu la Wailesi

"Mitu makumi anayi pamwezi," anatero a Sizasi akugogoda tebulo ndi chipeso. "Miyezi khumi ndi umodzi. Werengani nokha mayi, inu munapita patali ndi sukulu."

"Ndawerenga kale. Imwani tiyi, akuzizira."

"Mitu mazana anayi ndi makumi anayi. Ina ya zipere, ina ya ana olira, ina ya madoda amene amagona pampando n'kumandidonthezera dovu pansalu. Yonseyo ndameta ine, ndalama n'kumapita kwa anthu amene sindinawaonepo nkhope. Ndipo m'nyumba muno palibe ngakhale woyetsemula."

A Sizasi anali wometa tsitsi, ndipo ndalama iliyonse ankaiwerenga m'mitu. Lendi ya nyumba inali mitu makumi asanu ndi limodzi, magetsi mitu khumi ndi iwiri. Akazi awo anali telala wa mayunifolomu a sukulu, ndipo makina awo ankakhala pansi pa zenera m'chipinda chochezera. Iwowa ndi amene anabweretsa nkhani ya inshuwalansi ya chipatala m'nyumbamo. Tsiku lolembetsanso chaka china linali pa 30 mwezi womwewo. Mkanganowu unali wa Lolemba m'mawa, pa 4.

"Ndiye mukudandaula kuti ana sanadwale?" anafunsa mayiwo.

"Sindinatero."

"Mwatero. Dzulo ndinakumvani mukufunsa chitsirizira ngati sakumva mutu. Mwana akuti ayi, inu mukuti taganiza bwino."

"Ndimafuna kudziwa basi. Munthu ukalipira chinthu umayenera kuchilawa."

"Tsoka silinunkha, bambo. Tsiku limene mmodzi adzagwe, mudzalipsompsona khadi limeneli."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama zimenezi tikanaziika m'chitini, bwenzi lero tikuziona ndi maso. Ndipo chitini chili ndi ulemu. Sichifunsa kalata yobadwira. Aliyense wogona m'nyumba muno chimamudziwa."

Apa anakhudza pachilonda. Makhadi anali asanu: la bambo, la mayi, la mwana wawo wamkazi amene onse ankamutchula kuti Woyamba, ndi a anyamata awiri. Koma m'nyumbamo munkagona anthu asanu ndi mmodzi. Winayo anali Wailesi, mwana wa malemu mkulu wawo wa mayiwo. Anabwera ali ndi zaka ziwiri, tsopano anali ndi khumi ndi chimodzi, ndipo ankaposa Woyamba ndi miyezi inayi yokha. Dzinalo analipeza chifukwa pakamwa pake sipankatseka. Kampani inati imalemba ana obereka wekha basi. Ndiye anagwirizana kuti a Sizasi aziponya mitu khumi pamwezi m'chitini, ikhale ya Wailesi.

Mayiwo anaimirira, anakwera pampando, n'kutsitsa chitini cha mkaka chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. Anachigwedeza pafupi ndi khutu la amuna awo. Chinalira ngati chisekese cha mwana.

"Chaulemucho ndi ichi," anatero, n'kukhuthulira patebulo. Munatuluka ndalama zachitsulo zokwana mitu iwiri, batani limodzi ndi kamsomali ka makina ometera.

"Ndinabwereka. Makina atapsa mumafuna ndizimeta ndi mano?"

"Nanga zina zija?"

"Alamu anu atabwera akulira za lendi, munati ndiwathandize ndinu."

"Ndicho chifukwa ndimakonda khadi. Khadi lilibe alamu."

Chitseko chinatseguka ndipo Wailesi analowa, chikwama kumsana, mawu ali patsogolo.

"Amayi, Woyamba watenga masokosi anga, ndiye akuti ndi ake, koma ake ndi aja anabowoka pachala, ndipo ine ndamuuza kuti aphunzitsi akafunsa ndinena zonse."

"Tsitsa mawu, iwe," anatero a Sizasi. "Tili pompano."

"Ati?" Mtsikanayo anatembenuza mutu n'kuwalozetsa khutu lakumanja. M'khutu lakumanzere munali thonje, ndipo linali lachikasu.

Mayiwo anamukoka n'kuchotsa thonjelo. Analinunkhiza, kenako anayang'ana amuna awo.

"Mumati palibe woyetsemula. Wodwala mumamufunayo ndi uyu. Kungoti mumafunsa a pakhadi okhaokha."

Lachinayi pa 7 mayiwo anapita naye ku chipatala chaulere. Anachoka kusanatenthe, anabwerera dzuwa litapendeka. A Sizasi anawapeza atakhala pamakina, koma phazi silinkaponda.

"Adokotala akuti mkati mwa khutu mwabowoka," anatero mayiwo. "Mankhwala odontheza sangathandizenso. Pakufunika opaleshoni, ndipo isadutse miyezi iwiri. Ikadutsa, khutulo ligontha mpaka kale."

"Ndiye achita liti?"

"Dokotala wa makutu alipo mmodzi. Mzere wake wafika chaka chamawa. Ndinadutsira ku chipatala cholipira kukafunsa. M'chilankhulo chanucho ndi mitu mazana anayi."

A Sizasi anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wapambana mlandu.

"Mwaona? Mazana anayi. Ife tapereka mazana anayi ndi makumi anayi. Zikanakhala m'chitini, bwenzi mawa mwanayu ali patebulo la dokotala, chenji n'kugula shuga."

"Zikanakhala m'chitini, bwenzi lero tili ndi mabatani ambiri."

"Chikomekome cha mkuyu, mayi, mkati muli nyerere. Khadi lanulo ndi lokongola, lili ndi chithunzi, koma pamene tikulifuna likuti silimudziwa mwana."

"Chitini chanucho chikumudziwa. Chimuthandize."

Anakangana mpaka madzi a pamoto anaphwa. Aliyense anali ndi mfundo, ndipo khutu linapitiriza kutuluka mafinya. Sabata yotsatira a Sizasi anayesa kwa achimwene awo, amene anawauza za mavuto awo mpaka a Sizasi ndi amene anasiyako ndalama ya basi. Mayiwo anayesa kwa anzawo a kutchalitchi, ndipo anabwerako ndi mapemphero.

Loweruka pa 16 a Sizasi anayala makhadi onse patebulo ngati munthu wosewera juga. Anatola la Woyamba n'kulibweretsa pafupi ndi maso. Chithunzicho chinajambulidwa nthawi imene mwanayo anali ndi zipere, ndipo anali atamumeta mpala iwo omwe.

"Mayi, tabwerani. Mphuno iyi ndi ya ndani?"

"Ya kwathu."

"Nanga chipumi?"

"Cha kwathu. Kwanu munangopereka makutu."

"Ndiye Wailesi ali ndi mphuno yomweyi ndi chipumi chomwechi. Akusiyana tsitsi basi."

Mayiwo anasiya kudula ulusi. "Musayerekeze."

"Nkhope ya munthu ndi tsitsi. Ine ndasintha anthu nkhope kwa zaka makumi awiri. Wina ndinamumeta mpaka amene anamukongoza ndalama anamudutsa pamsewu, n'kumupatsa moni."

"Kumeneko ndi kuba."

"Ndikuba mitu yanga yomwe? Ndinalipirira mwana wamkazi mmodzi. Ndikupita ndi mwana wamkazi mmodzi."

"Akatigwira afufuta makhadi onse asanu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Muli ndi njira ina?"

Mayiwo analibe. Anangoti, "Ine sindilimo." Koma Lamulungu masana anatulutsa diresi lobiriwira la Woyamba, lomwe linali pachithunzipo, n'kulisita bwinobwino.

Malo ometera a a Sizasi anali kachipinda kopanikizika pakati pa golosale ndi wokonza mafoni. Munali mipando iwiri yozungulira, kalilole wamkulu wotenga khoma lonse, benchi ya odikira, ndi jenereta kuseri kwa chitseko yothandiza magetsi akazima. Lamulungu sankatsegula, koma tsiku limenelo anatsegulira munthu mmodzi.

Wailesi anakwera pampando n'kuzungulira kawiri. Tsitsi lake linali loluka, lofika m'mapewa, ndipo analisunga zaka zitatu.

"Ababa, ndikakhala Woyamba, iyeyo akhala ndani?"

"Akhala kunyumba."

"Nanga akandipatsa jakisoni, amva kuwawa ndani?"

"Iwe. Weramitsa mutu."

"Ndiye si chilungamo. Dzina lake, jakisoni wanga."

A Sizasi anamumanga nsalu m'khosi n'kuyamba ndi sizasi, chifukwa makina sakanalowa m'zolukazo. Ankadula akumuphunzitsa. Anamuuza dzina lonse la Woyamba monga linalembedwera pakhadi, ndipo mtsikanayo analibwereza.

"Unabadwa liti?"

Wailesi anatchula tsiku lake.

"Ayi. Kuyambira lero unachedwa ndi miyezi inayi."

"Ndinkatani m'mimbamo nthawi yonseyo?"

"Unkalankhula. Tabwereza."

Makina atayamba kulira, mtsikanayo anasiya mafunso. Ankayang'ana pansi pamene zoluka zake zinagona ngati zingwe zoduka. A Sizasi anapukuta mutuwo ndi sipiriti, anaupaka mafuta, n'kuimika khadi pambali pa nkhope yake pakalilole. Ntchitoyo inali yabwino. Ngakhale iwo eni anayang'ana kawiri.

"Limeranso," anatero.

"Ati?"

Anali ataima kumanzere. Anazungulira mpando n'kubwereza, ndipo Wailesi anangogwedeza mutu.

Lolemba pa 18 analowa m'chipatala cholipira. Pansi pankawala, mipando inali yofewa, ndipo anthu ankalankhula motsitsa ngati ali m'banki. Mayiwo, amene anati salimo aja, anabwera nawo atanyamula chikwama cha zovala. Mlembi anali mayi wamagalasi, atakhala kuseri kwa zenera lagalasi lokhala ndi timabowo tolankhulira. A Sizasi analowetsa khadi pansi pa zeneralo.

Mlembiyo anayang'ana khadi, anayang'ana mwana. "Dzina lako ndani, mwanawe?"

Mawuwo anathera m'galasi. Wailesi anaona milomo yokha ikuyenda. Anatembenuka, ndipo poti munthu wosamva bwino sadziwa kukula kwa mawu ake, anafunsa mokweza moti mpaka mlonda wa pakhomo anamva.

"Ababa, akufunsa dzina liti? Langa kapena lija la dzulo?"

Bambo wina amene anali ndi bandeji pamwendo anaseka mpaka ndodo yake inagwa. Mayiwo anayamba kuwerenga chikwangwani cha katemera chimene chinali pakhoma.

"Ndi malungo," anatero a Sizasi. "Akubwebweta."

Mlembiyo anavula magalasi. Anakankhira kutsogolo kamakina kakang'ono kowala mofiira.

"Bambo, kuno sitiyang'ana tsitsi. Timayang'ana chala. Mukufuna mwanayu aike chala apa?"

A Sizasi anayang'ana kamakinako, kenako mutu wa Wailesi umene unkanyezimira pansi pa nyali.

"Chala?"

"Chala. Tsiku lolembetsa ana anu anadinda. Mwaiwala?"

Anali ataiwala. Tsiku limenelo iwo ankayang'ana mmene wojambula anametera ndevu zake.

Mlembiyo anatsitsa mawu. "Uyu ndi mwana wanu?"

"Wanga."

"Wobereka nokha?"

"Ndamulera kuyambira asanadziwe kuvala kabudula wamkati. Mano ake oyamba anagwera m'nyumba mwanga. Akalakwa kusukulu amaitana ine."

"Ndamva. Koma makinawa sadziwa zimenezo." Anabweza khadi pansi pa zenera ndi chala chimodzi. "Ikani m'thumba ndisanaliwerenge. Ndikaliwerenga, ndiyenera kulemba, ndipo ndikalemba, nonse mwafufutidwa. Mukapeza ndalama mubwere, malo Lachisanu lililonse amakhalapo."

Ali m'basi, Wailesi anadzisisita pamutu.

"Ndiye tsitsi langa lapita ulele?"

"Funsa katswiri wa nkhope," anatero mayiwo akuyang'ana kunja.

Amene anawagulitsa inshuwalansiyo anali kasitomala wa a Sizasi. Anthu ankamutchula kuti a Tayi chifukwa ankavala tayi ngakhale popita kukagula makala. Ankabwera kudzametetsa Lachinayi lachitatu la mwezi uliwonse, ndipo pa 21 anafika monga mwa nthawi zonse, fayilo kukhwapa.

"Mwachangu lero, achimwene. Ndili ndi msonkhano ndi mabwana pakangotha ola. Ndipo musaiwale pa 30. Banja lotetezedwa ndi banja losangalala."

"Khalani, bwana."

A Sizasi anamanga nsalu, anayatsa makina, n'kuyamba kumanja. Anameta mosamala kuchokera pakhutu kufika pakati penipeni pa mutu, mzere wowongoka ngati wa rula. Kenako anazimitsa makina, anawapukuta, n'kuwapachika pamsomali. Anakhala pabenchi n'kutsegula nyuzipepala.

A Tayi anadikira. "Magetsi azima?"

"Alipo."

"Nanga?"

"Ndamaliza. Mbali iyi ndi imene ili pakhadi. Inayo si yobereka ndekha."

Anyamata awiri amene ankadikira pabenchi anayamba kutsokomola. A Tayi anadziyang'ana pakalilole. Kumanja kunali bwana, kumanzere kunali tchire.

"Achimwene, tisaseweretsane. Mutu ndi umodzi."

"Nyumba yanganso ndi imodzi. Tsiku lija munakhala pampando womwewu munati chiyani? Munati banja lonse. Ndinakufunsani kawiri. Pofika posaina m'pamene banja linayamba kuchepa."

"Ndi malamulo a kampani. Mawu oti mwana ali ndi tanthauzo lake."

"Kwathu kuno mwana wa mkulu wa mkazi wako umamutchula chiyani?"

"Mwana."

"Ndiye kampani yanu inaphunzira kuti kulankhula?"

A Tayi anapukuta thukuta ndi nsalu yometera. "Njira ilipo. Mupite kukhoti, akupatseni kalata yoti mwanayo ndi wanu mwalamulo. Mukabwera nayo timulemba, muziwonjezera pang'ono pamwezi."

"Ndikagule kalata yonena zimene msewu wonse ukudziwa. Chabwino. Ndikabwera nayo mawa, opaleshoni mkuja?"

"Ayi. Pali miyezi isanu ndi umodzi yodikira."

"Ikatha?"

A Tayi anayang'ana nsapato zawo. "Matenda amene munthu walowa nawo sitilipira."

"Ndiye mumafuna anthu otani, bwana? Athanzi okhaokha?"

"Kunena zoona, amenewo ndi amene timawakonda."

A Sizasi anapinda nyuzipepala. "Inuyo ana muli nawo angati?"

"Asanu."

"Onse ali pakhadi?"

"Atatu." A Tayi anamasula tayi pang'ono. "Awiriwo ndi a malemu mng'ono wanga."

"Akadwala mumatani?"

"Akazi anga ali ndi kachitini."

"Muli zingati?"

"Musandifunse zimenezo pamaso pa ana."

A Sizasi anaimirira, anatsitsa makina pamsomali n'kumaliza mbali yotsalayo. A Tayi polipira anapereka ya mitu iwiri, n'kunena kuti mbali iliyonse ndi yake. Anatuluka osatchulanso za pa 30.

Madzulo a tsiku lomwelo a Sizasi anawoloka msewu kupita kwa wometa mnzawo, mnyamata amene kwa zaka zitatu ankawalanda makasitomala ndi nyimbo zaphokoso. Anamugulitsa jenereta, mpando wachiwiri ndi kalilole wamkulu. Mnyamatayo anadziwa kuti munthu wapanikizika, ndipo anagula monga ogula kwa wopanikizika amagulira. Zonse zinakwana mitu mazana awiri ndi makumi asanu. Mayiwo anapita kwa mphunzitsi wamkulu kukapempha kuti awalipiriretu mayunifolomu a teremu yamawa, ndipo anabwera ndi mitu zana limodzi ndi khumi.

Lachitatu pa 27 anayala zonse patebulo ana ali kusukulu. Anawerenga a Sizasi, anawerenganso mayiwo. Zinkaperewera mitu makumi anayi.

"Tigulitse makina anu osokera?"

"Ndadya kale ndalama za mayunifolomu. Ndisoka ndi chiyani?"

"Mpando wotsalawu?"

"Makasitomala azikhala pansi?"

Onse awiri ankadziwa pamene panali mitu makumi anayi. Inali m'kabati, pansi pa nsalu za tebulo, pamene mayiwo ankasunga ndalama ya pa 30. M'miyezi khumi ndi umodzi sanaphonyepo, ngakhale mwezi umene anadya ndiwo zopanda mafuta. A Sizasi sanayang'ane kukabatiko. Ankayang'ana kudenga mwakhama.

"Nenani," anatero mayiwo. "Mwakhala mukufuna kunena mwezi wonse."

"Sindinena."

"Tikapanda kulipira pa 30, makhadi afa. Tikadzafuna kubwerera, tidzayambanso kudikira ngati alendo. Anthu asanu pamtetete chifukwa cha khutu limodzi."

"Ndikudziwa."

"Chitsirizira amakwera mitengo. Inuyo mumapuma ngati basi yakale mukakwera chitunda."

"Ndikudziwa, mayi."

Mayiwo anaimirira, anatsegula kabati, n'kubwera ndi ndalamazo. Anaziika pamwamba pa zinzake n'kuzikanikiza ndi chikhatho.

"Amene angadwale mawa sindikumudziwa. Amene akudwala lero ndikumudziwa. Ndipo mukayerekeza kunena kuti mwapambana, ndikusokani pakamwa."

Lachisanu pa 29 Wailesi analowa m'chipatala ndi dzina lake, ndipo mlembi wamagalasi uja analilemba osakweza maso. Loweruka pa 30 linadutsa ngati tsiku lina lililonse. Madzulo ake anthu anaona a Sizasi, amene kale ankasakasaka wodwala m'nyumba, akutsitsa chitsirizira mumtengo ndi mwendo, akumuuza kuti kuyambira tsopano aziyenda pansi ngati munthu wosauka.

Patatha masabata atatu dokotala anachotsa zimene anatseka nazo m'khutu. Anati bala lapola bwino, koma za kumva adikire, zimabwerera pang'onopang'ono ndipo nthawi zina sizibwerera zonse. Kunyumba palibe amene anafuna kuyesa. Ankaopa yankho.

Lamulungu masana Wailesi anagona pamkeka m'chipinda chochezera, khutu labwino litatsamira pilo, lakumanzere lili m'mwamba. Tsitsi linali litayamba kumera ngati kapinga wongobzala. Mayiwo ankasoka mabatani pamanja. A Sizasi anasendeza mpando pafupi nawo n'kuyamba kunong'ona.

"Ndinapita kukhoti Lachisanu."

"Kukatani?"

"Kukafunsa za kalata ija. Akuti pafunika kalata ya imfa ya amayi ake, mboni ziwiri, ndi munthu wa boma adzaone mmene tikukhalira. Zonse pamodzi mitu makumi asanu."

"Inu amene mumati simungagule zimene msewu ukudziwa?"

"Msewu sulipira chipatala. Tikadzabwerera kwa a Tayi, tidzabwerere tonse asanu ndi mmodzi. Apo ayi, tisabwerere."

"Ndiye mwagonja. Khadi lapambana."

"Sindinagonje. Chitini chikhalapo. Koma ndachipititsa kwa wowotcherera, achitseke pakamwa, asiye kabowo kolowetsera basi."

"Alamu anga alira."

"Alire. Koma mwanayu musamuuze za kalatayi mpaka itatuluka. Mukudziwa pakamwa pake."

"Kalata imeneyo izidzanena kuti chiyani?"

Funsolo silinachokere kwa mayiwo. Linachokera pamkeka. Wailesi sanatembenuke, khutu labwino linali likadali pansi pa pilo.

Mayiwo anabaya chala ndi singano ndipo sanamve. A Sizasi ananong'ona motsitsa kuposa poyamba.

"Wamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Mitu makumi asanu. Akuberani, ababa, ine ndili kale m'nyumba muno." Anadzuka n'kukhala tsonga. "Koma izidzanena kuti chiyani?"

"Kuti ndiwe mwana wathu," anatero mayiwo.

"Wa boma ndithu? Wa chidindo?"

"Wa chidindo."

Wailesi anaganiza pang'ono, akuwerenga pa zala. Kenako anatembenukira ku chitseko cha kuchipinda, kumene Woyamba ankalemba ntchito ya kusukulu.

"Iwe, wamva? Ndimakuposa ndi miyezi inayi. Kalata ikangotuluka, Woyamba ndine. Uyambe kufuna dzina lina."

"Amayi, mukumumva?" anatero mawu a kuchipinda.

"Tikumumva," anayankha a Sizasi. "Nayenso akutimva. Nkhani imeneyo mukakambirane panja."